A Nyundo ndi Sitima Yopanda Mwini

A Nyundo anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala ngati chitseko cha sitolo, ndipo moyo wawo wonse anautherera pansi pa sitima. Pakampani yomanga sitima zapamadzi ija panali anthu ogwira ntchito m'mwamba, pomwe amawombedwa kamphepo n'kumaona tauni yonse, koma iwo malo awo anali pansi penipeni. Sitima ikamamangidwa imakhala pa zipika za mitengo. Ntchito ya a Nyundo inali yosema zipikazo, kuziyala, ndi kukhomerera timatabwa tosongoka pakati pa chipika ndi chitsulo kuti chimphonacho chisasunthe. M'mawa uliwonse ankalowa pansipo chowerama, nyundo ili m'manja, n'kumagogoda chipika chilichonse atatchera khutu. Khutulo linali lakumanzere. Lakumanja linagontha kalekale ndi phokoso la zitsulo, ndipo akazi awo ankauza aliyense kuti linachita dala, poti ndi mbali yomwe iwo ankagona.

Tsiku lotsitsira sitima m'madzi ndi lomwe ankaoneka kuti nawonso ndi munthu. Bandi ikuimba, akazi a mabwana atavala zipewa ngati madengu, anthu onse ankatuluka pansi paja n'kutsala iwo okha. Ankagwetsa zipika zomaliza, kenako n'kutulukira chothamanga ngati nkhuku yothawa mvula, sitima ikulira kumbuyo kwawo. Anthu ankawombera m'manja sitimayo. A Nyundo ankagwadira m'manjamo ngati ndi mwawo, ndipo palibe amene anawauzapo zoona.

Kampaniyo anaiyamba limodzi ndi mwini wake, amene tonse tinkawatcha a Chipewa chifukwa cha chipewa cholimba choyera chomwe sankachivula ngakhale pamaliro. Poyamba panali kashedi kamalata m'mbali mwa doko, kokonzeramo maboti obooka. A Chipewa ankawotcherera okha, a Nyundo akugwira chitsulo ndi kutukwanidwa. Kenako kunabwera wina wofuna boti latsopano, wina wofuna lalikulupo, mpaka anamanga mtsetse, malo otsetsereka asimenti omangirapo sitima kuti ikatha ingotsikira m'madzi. Mtsetsewo anautalikitsa, n'kudzautalikitsanso. Kunabwera makireni, makina onyamulira zitsulo aatali kuposa tchalitchi. Kunamangidwa mizere ya nyumba za antchito momwe tinkakhalamo ife, kachipatala, ndi timu ya mpira yomwe sinkawina koma inali ndi yunifolomu yokongola kuposa matimu onse.

A Chipewa anali ndi lamulo limodzi lomwe sankafuna kulikambirana. Sitima ikatsika m'mawa, dzuwa lisanalowe pamtsetse payenera kugonekedwa msana wa sitima ina, chitsulo chachitali chija chomwe zonse zimayambirapo. Pazaka zonse za kampaniyo mtsetse sunagonepo wopanda kanthu. Tinazolowera mpaka tinasiya kufunsa za kampani. Munthu ukafuna kudziwa ngati zinthu zili bwino unkangosuzumira pampanda. Msana ukakhalapo, amuna ankagula mawayilesi ndipo atsikana ankalola kufunsiridwa.

Panalinso chizolowezi china chomwe palibe ankachikonda. Aliyense wogula sitima ankatumiza munthu wake woti aziyang'anira kamangidwe. Anthu amenewa ankasinthasintha, ena onenepa, ena a ndevu, koma onse tinkawatcha a Choko. Ankayenda ndi tochi ndi choko chachikasu, ndipo akaona powotcherera posawasangalatsa ankapazunguliza mzere, munthu n'kuyambiranso ntchito ya tsiku lonse. Anali ndi kaofesi kawo pafupi ndi mtsetse, kokhala ndi zenera loyang'ana kumene anyamata ankabisala posuta fodya.

Mwana wamkazi wa a Nyundo, chitsirizira, anakwatiwa ndi mnyamata wowotcherera wa ku galaja ya boma, kutauni ina yakumtunda. Anali munthu wofatsa, wosayankha asanameze malovu, wa mtundu uja woti pogula nsapato amayang'ana kaye kunsi kwake. Malipiro ake anali ochepa, koma ntchitoyo inali yokalamba nayo, ya penshoni. Chaka chomwe mkazi wake anaima, pamtsetse panagonekedwa msana wautali kuposa yonse yomwe tinaionapo, ndipo kapitawo anatumiza mawu kuti akufuna owotcherera odziwa ntchito. Malipiro anali oti munthu ukawamva umakhala kaye pansi. Panalinso nyumba yokhala ndi mpope m'kati, kumapeto kwa mzere wathu, yomwe mkulu wojambula mapulani anasamukamo m'mawa wina osatsanzika.

Mkamwiniyo anabwera Lamlungu masana, anakhala pakhonde atapinda manja.

"Bambo, ine ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wanuyu akufuna kudzachirira pafupi ndi amayi. Koma ku galaja kuja ndikachoka, ndachoka. Pali anthu akudikira malo anga."

"Tatembenukani, akamwini. Mukuona chiyani kuseri kwa mpandako?"

"Ndikuona zitsulo."

"Zitsulo! Amayi, mwamva? Akuti zitsulo." A Nyundo anaseka mpaka kutsokomola. "Umenewo ndi msana. Ikadzatha imeneyo mwana wanu adzakhala akuyenda. Ikadzatsika, padzagona ina. Ine ndinabwera pano tsitsi lili lakuda."

"Tsitsi lake liti?" anatero akazi awo ali m'nyumba.

Mkamwini anaseka mwaulemu, koma sanasiye ntchito tsiku limenelo. Anapempha tchuthi ku galaja kuti adzayese kaye, ndipo iye ndi mkazi wake analowa m'nyumba ya mpope ija. Tchuthicho chikatha anayenera kusankha, kubwerera kapena kukatula pansi ntchito. Mzere wathu wonse unadziwa zimenezi, chifukwa makoma a nyumba zija anali opyapyala ndipo ife sitinkawadandaula.

Sabata zoyamba anyamata ankayenda mokondwa ngati ana asukulu aphunzitsi akadwala. Sitima inayamba kumera nthiti, nthitizo zinayamba kuvala zitsulo, koma a Choko sanabwere. Kaofesi kawo kanali kokhoma, pazenera kangaude atayala ulusi. Munthu ankawotcherera m'mawa, madzulo n'kupeza ntchito yake ili yoyera, yopanda mzere wachikasu ngakhale umodzi. Ena ankati ogula a ulendo uno ndi anthu aulemu, amatikhulupirira. Wina anajambula nkhope ya a Choko pachitseko chawo, makutu ngati a bulu, ndipo palibe anaifufuta.

Zinthu zina zinkasintha mwakachetechete. Tiyi wa kukantini anayamba kuda, mpaka mkaka unasowa osatsanzika ngati mkulu wa mapulani uja. Malole obweretsa zitsulo, omwe kale ankatidzutsa ndi kugwedeza mawindo, anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina lole ya kampani yogulitsa gasi inalowa yopanda kanthu n'kutuluka yodzaza masilinda, ena asanathe n'komwe. Kireni yaikulu inafa, ndipo m'malo moitana okonza anaimangirira kansalu kofiira. Kunayamba kubwera anthu ansapato zowala omwe sankapereka moni. Ankaima pansi pa makireni n'kumayang'ana m'mwamba, ngati munthu woyang'ana ng'ombe pamsika. Ife tinkaona zonsezi, kenako tinkasuzumira pampanda. Sitima inalipo, ikukula.

Mkamwini ndi amene anafunsa. Anawapeza apongozi ake pansi pa sitima nthawi yopuma masana, atakhala pachipika.

"Bambo, ntchito yanga akuiona ndani?"

"Mulungu, akamwini. Sakukwanirani?"

"Ku galaja, ngakhale kampando ka basi, amabwera munthu kudzakagwedeza. Pano ndawotcherera khoma lonse lakutsogolo, palibe wabwera ndi tochi. Dzulo ndinasiya dala malo amodzi oipa kuti ndione. Alipobe."

"Kakonzeni msanga, musatichititse manyazi."

"Ndakonza. Koma munthu angagule chinthu chachikulu chonchi osatuma womuyang'anira?"

"Inu a boma mumakonda kukalipiridwa," anatero a Nyundo. "Idyani mtendere ukadalipo."

Anayankha moseka, koma funsolo linawalowa ngati kachitsotso m'diso. Anayesa kukumbukira sitima ina iliyonse yomwe inamangidwa popanda a Choko, kuyambira maboti a m'kashedi muja, ndipo sanaipeze. Ngakhale msodzi wosauka ankabwera yekha kudzakhala padzuwa n'kumalozaloza. Lachisanu lomaliza la tchuthi cha mkamwini, a Nyundo anapukuta manja pa ovolosi, anakwera masitepe a ku ofesi omwe anali asanawakwere kwa zaka.

Tebulo la mlembi linali lopanda munthu, makina ake atavindikiridwa nsalu. Foni inkalira payokha. M'khonde munali makabati agalasi osungiramo tizifanizo ta sitima zonse zomwe kampani inamanga, ndipo pakabati iliyonse panali pomatidwa kapepala ka nambala. Mayi wophika tiyi anawalozera chitseko ndi mlomo.

A Chipewa anali atakhala kuseri kwa tebulo, chipewa chili pambali. A Nyundo anayang'ana kumbali msanga, ngati alowa m'bafa muli munthu. Mutuwo unali waung'ono, wadazi, wotuwa, wokhala ndi mzere wozungulira pomwe chipewa chinkakanikiza.

"Mwatuluka ku dzenje kwanu lero, achimwene? Chagwa chiyani?"

"Sichinagwe, bwana. Zipika zili bwino. Ndimati ndifunse za a Choko a sitima iyi. Achedwa kuti?"

"Mwawasowa? Inu amene munawathira utuchi m'nsapato?"

"Anyamata akufunsa."

A Chipewa anadzuka, anakankha chitseko, koma sichinatsekeke bwino. Anaima pazenera pomwe sitima yonse inkaonekera.

"Mwini wake ndi ine, pakadali pano. Amene anayenera kuigula anabwerera m'mbuyo tisanagoneke msana. Mukanakhala inu mukanatani? Mtsetse ugone pululu, tauni yonse ione? A banki aone?"

"Ndiye tikumangira ndani?"

"Tikumangira amene adzaione ili pamadzi, itapakidwa penti. Adzachita kulimbirana. Ingofunika ithe basi. Inu ndi ine tinayamba ndi malata anayi, mwaiwala?"

A Nyundo sanaiwale. Anayang'ana pansi, pakapeti pomwe nsapato zawo zinasiya utuchi.

"Ndili ndi mkamwini, bwana. Lolemba akuyenera kubwerera ku boma, kapena kukasiya."

"Wofatsa uja? Ali ndi dzanja labwino. Asapite ameneyo. Akachoka mkamwini wa a Nyundo, ndani atsale? Aliyense adzati mkuluyo wanunkhiza kanthu. Pakutha pa sabata ndilibe wowotcherera, sitima siitha, ndipo mzere wanu wonse uja uli panja." Anatenga chipewa n'kuchivala, n'kukhalanso a Chipewa. "Zimenezi zithere muno, achimwene."

A Nyundo anatsika masitepe atagwira chitsulo cham'mbali. Sanapite kunyumba. Analowa pansi pa sitima n'kuyamba kugogoda zipika, ngakhale anali atazigogoda kale m'mawa. Chilichonse chinayankha bwino. Pamwamba pawo panali chitsulo cholemera kuposa nyumba zathu zonse kuziphatikiza, chozizira, chowongoka, chogwirika ndi manja. Kwa munthu amene anakhala moyo wonse akukhulupirira zomwe zili pamtsetse, kunali kovuta kuvomera kuti chinthu chachikulu chonchi chingakhale bodza.

Madzulo ake mkamwini anabwera ndi mkazi wake, amene tsopano ankayenda atagwira m'chiuno. Mwana wa a Nyundoyo anayamba kuuza amayi ake za makatani omwe ankafuna kusoka, ndi momwe mpope wa m'nyumba umamupulumutsira msana. Mkamwini anadikira kuti nkhani ya makatani ithe.

"Bambo, Lolemba lafika. Ndamva kuti munakwera kumwamba ku ofesi lero."

A Nyundo anali kusenda kamtengo ndi mpeni. Anapitiriza kusenda.

"Abambo, akukufunsani," anatero akazi awo. "Ndipo akhala mbali ya khutu labwino."

"Ndamva." Anaika mpeni pansi. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mimba ija, kenako anayang'ana kumpanda. "A Choko akubwera. Ogulawo ndi akutali, amatumiza munthu sitima ikafika poika injini."

"Anatero bwana?"

"Anatero."

"Ndiye ndikatule?"

"Katuleni, akamwini. Mukakalamba ku galaja mukukonza mipando ya basi, mudzandidandaula."

Mwana wawo anawomba m'manja. Akazi awo anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, n'kutola makapu asanathe anthu kumwa.

Lolemba mkamwini anakwera basi yam'mawa, anakatsanzika ku galaja, anabwerako ndi bokosi la zida zake ndi wotchi yapakhoma yomwe anzake anamugulira. Anaikhoma m'nyumba ya mpope ija, ndipo tinapita tonse kukaiona.

Injini sinabwere. Malipiro a mwezi umenewo anachedwa, a mwezi wotsatira anabwera theka, ali ndi kalata yopepesa yolembedwa bwino kwambiri. Zitsulo zitatha, anthu ankapatsidwa ntchito yopala dzimbiri pomwe anapala kale dzulo. Phokoso lomwe tinakulira nalo linayamba kuchepa, mpaka tsiku lina masana tinamva mbalame zikulira padenga la kantini, ndipo amayi a mumzere anatuluka m'nyumba kudzayang'anana. A Nyundo anaonda. Anasiya kukhala pakhonde, chifukwa pakhondepo pankadutsa mkamwini popita kuntchito, akupereka moni waulemu womwe uja.

M'mawa wina belu loyambira ntchito silinalire. Amuna anapita okha poyang'ana dzuwa, ndipo anapeza geti litamangidwa tcheni chatsopano, chonyezimira. Alonda athu, omwe tinkadziwa akazi awo ndi matenda awo, panalibe. Panali ena achilendo, a yunifolomu yakuda, ndi galu. Mmodzi wa ansapato zowala aja anaima pa bokosi n'kunena kuti kampani ili m'manja mwa a banki, aliyense apite kunyumba, adzaitanidwa. Wina anafunsa za a Chipewa. Anati ali m'chipatala kutali, ndipo salandira alendo. A Nyundo anapempha kuti alowe angoona zipika, poti mitengo ikauma timatabwa timakhwefuka. Mlonda anawafunsa kuti ndi ndani.

Mkamwini anapita ku galaja ya boma atavala jekete la ukwati. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi tiyi wamkaka, anamuonetsa mnyamata amene anatenga malo ake. Anabwerera ndi basi yamadzulo.

Zikanathera pomwepo, bwenzi ili tsoka la tonse, logawana mofanana. Koma mayi wophika tiyi uja, ntchito itamuthera, analibenso chifukwa chosungira zomwe anamva pachitseko chosatsekeka bwino. Anauza mnzake mmodzi yekha pampope wa panja, momulumbiritsa. Pofika madzulo nkhaniyo inali itayenda mzere wonse n'kubwerera kwa iye ili ndi zowonjezera.

Mkamwini sanapite kukalalata. Anapeza ntchito kwa anthu omanga msewu kutali kumapiri, yogona m'misasa yamalata, yotha msewu ukatha. Tsiku lonyamuka, lole itaima pakhomo, a Nyundo anabwera okha osaitanidwa n'kugwira mbali imodzi ya bedi. Mkamwini anagwira mbali inayo. Analikweza osayang'anana.

"Bambo," anatero mkamwini akumanga chingwe, "tsiku lija munakwera kumwamba, anakuuzani kuti ilibe mwini?"

"Anandiuza."

"Ndipo ine ndinakufunsani."

"Munandifunsa. Ndimati ikatha..."

"Mukanangondiuza, n'kundisiya ndisankhe ndekha. Mwina ndikanakhala ndithu." Anakoka chingwe, anachimanga mfundo. "Zikomo potithandiza bedi."

Mwana wawo anali atakwera kale kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Anatsanzika amayi ake pazenera, akulira. Abambo ake atayandikira anayamba kukonza kathumba komwe kanali pamiyendo pake, ndipo anakakonza mpaka lole inanyamuka.

Mwana anabadwira kumisasa komweko. Uthenga unabwera ndi dalaivala wa lole ya miyala, amene anaima pamsewu n'kufunsa nyumba ya amayi a mtsikanayo, osati ya a Nyundo. Anati ndi wamwamuna, ndipo ali ndi mapewa.

Masiku amenewo a Nyundo anali atayamba kupanga timipando ndi matabwa otola, n'kumagulitsa pamsika. Nyumba zathu zinali zitalembedwa manambala ndi penti yofiira pazitseko, ndipo ansapato zowala anali atayamba kuyenda mumzere ndi tepi yoyezera, osanena kuti tichoke liti. Sitima inali pomwe paja, itafiira ndi dzimbiri, ndipo kukawomba mphepo inkalira m'kati mwake. Amayi ankaletsa ana kusewera kufupi ndi mpanda.

Akazi awo atakonzeka kukaona mdzukulu, a Nyundo anawanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi. M'dzanja lina ananyamula kampando kakang'ono ka mwana, kokhala ndi chotsamira ndi kotchinga kutsogolo kuti asagwe. Anakasalaza kwa sabata yathunthu, ndipo tonse tinavomereza kuti pa zinthu zonse zomwe anapangapo, chimenechi chokha ndi chomwe chinali chokongola.

"Mukanene kuti mwagula pamsika," anatero.

"Mwana wanu sadziwa dzanja lanu?"

"Ingonenani."

Akazi awo anakakhalako milungu ingapo. Tsiku lobwerera a Nyundo anali pasiteji kuyambira m'mawa. Basi itaima, akazi awo anatsika ndi chikwama, kenako kondakitala anawapatsira kampando kaja kuchokera padenga.

"Akuti m'msasa malo ndi ochepa," anatero akazi awo.

A Nyundo anakalandira, anakapukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kunyamulanso chikwama.

"Nanga mwanayo," anafunsa atayenda pang'ono, "akuti ali ndi mapewa?"

"Ali nawo."

Anayenda mpaka kunyumba, kampandoko kali m'manja.